Usiku Umodzi M'mapiri a Namwera: Ulendo wa pa Njinga Kukwera Chowe

Ife a m'mbali mwa nyanja mapiri timawadziwa ndi maso okha. Munthu wa pa boma la Mangochi, wa kwa Mponda, ngakhale wa ku Namiasi ndi ku Makawa, akatuluka m'nyumba m'mawa amaona mzere wa mapiri kutsidya, kumene dzuwa limatulukira, ndipo zimathera pomwepo. Ambiri tidawadutsapo pa minibasi popita ku Namwera kapena kuchipata cha Chiponde, koma pa minibasi munthu amangogwiritsa mpando wakutsogolo n'kumapempha kuti mabuleki asakane pa makhota a Chowe. Saona kanthu. Chonsecho nkhuni zimene amayi amaphikira nsima pa boma pano, makala a m'mbaula zathu, ndi zipika zimene timawambira nsomba ndi kuwotchera njerwa, zambiri zimatsika kuchokera komweko.

Mu Okutobala 2024 tidapangana zokawaona mapiriwa pafupi, pa njinga zakapalasa, n'kukagona komweko usiku umodzi. Tidalipo asanu ndi atatu: aphunzitsi atatu ndi anyamata asanu osinkhukirapo a pa madrasa yathu. Makolo adavomera monyinyirika. Mayi wina, atamvetsera bwinobwino zonse zimene tidakonza, adangofunsa kuti, "A Mwalimu, kodi maminibasi atha?"

Ena anganene kuti tidasankha mwezi woipa, pakuti Okutobala wa ku Mangochi amasungunula ndi phula lomwe. Koma mvula ikagwa misewu yafumbi ya kumtundako imaterera, ndipo mu Juni usiku wa kumapiri munthu sangagone pakhonde. Komanso chilimwe chili ndi ubwino wake: udzu ukapsa, zonse zimene tchire limabisa zimaonekera poyera, zitsa, maenje, maziko a nyumba zakale ndi tinjira ta anthu odula mitengo.

ZIMENE TIDANYAMULA

Njinga zathu zidali zomwezi mumazidziwazi. Zisanu zidali za ku India, ma Hero ndi ma Avon, zopanda magiya koma za keliyala yolimba. Zitatu zidali zamagiya, zogula pa kaunjika. Mawa lake la ulendo lisadafike tidazipereka zonse kwa wokonza njinga wa pamsika kuti akunge masipoko, athire mafuta mu tcheni ndi kusintha malabala a mabuleki. Pa zonsezi chachikulu ndi malabalawo. Chikweza chimangotopetsa munthu, koma chimene chimavulaza ndi mtsetse.

Aliyense adamanga pa keliyala, ndi malegeni, bulangete limodzi, kamkeka, malaya osinthira ndi chigubu cha madzi cha malita 5. Katundu wa gulu tidagawana: pampu ziwiri, machubu atatu, zigamba ndi solushoni, sipanala, tochi, kapoto kamodzi, ufa, mchere, masamba a tiyi, shuga ndi usipa wouma wambiri ndithu. Usipa tidautenga ndi cholinga. Kumapiri nsomba ndi mphatso yolemekezeka, ndipo mlendo wa kunyanja wofika chimanjamanja amachititsa manyazi kwawo.

Tidanyamuka Loweruka titangoswali Subuhi, kukadali chisisira. Pa mphambano ya pafupi ndi mlatho tidaima pang'ono pa nsanja ya wotchi imene atsamunda adamanga mu 1903 pokumbukira Queen Victoria. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Anyamata athu amadutsa pamenepa tsiku ndi tsiku, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adadziwa kuti sitima zoyamba za panyanja yathu, kuyambira Ilala ya mu 1875 mpaka Guendolen ndi Chauncy Maples imene idalumikizidwa kwa Mponda n'kuyamba kuyenda mu 1901, zonse zinkayendera nthunzi, ndipo moto wake udali wa nkhuni. M'madooko ambiri munkakhala milu ya nkhuni yodikira sitima. Tidawauza kuti asunge mfundo imeneyi, poti tikumana nayonso kutsogolo.

Titaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, umene udamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, tidapalasa mosavuta m'chigwa cha milambe ndi migwalangwa. Msewu wa ku Malindi ndi kwa Makanjira tidausiya kumanzere. Kenaka msewu udayamba kudzuka.

CHIKWEZA CHA CHOWE

Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere. Namwera ali pamwamba kuposa pamenepo ndi mamita mazana angapo, ndipo gawo lalikulu la kukwerako limachitika pa mtunda waufupi, pa makhota a Chowe. Ama Hero adatsika pa khota lachiwiri n'kuyamba kukankha. Amagiya adalimbikira mpaka lachinayi, akutiseka, kenaka naonso adatsika mwakachetechete. Kuyambira pamenepo tonse tidali anthu oyenda pansi operekeza njinga.

Dzuwa litangotuluka nyenje zidayamba kulira, phokoso lija lolasa m'makutu. Thukuta lidayenderera mpaka m'maso. Tidaika lamulo lakuti aliyense amwe pang'onopang'ono koma pafupipafupi, asadikire ludzu, ndiponso kuti wotsogola asatayane ndi wotsalira kupitirira khota limodzi. Mnyamata wamng'ono pa onse adayamba kuona chizumbazumba tili pakati pa chikweza. Tidamukhazika pamthunzi, kumuthira madzi m'mutu ndi kumupatsa madzi osakaniza shuga ndi kamchere, ndipo patapita theka la ola adadzuka yekha.

Pamene tinkamudikirapo ndi pamene tidaonetsetsa anthu amene msewu uwu ndi wawo weniweni. Ankatsika mmodzimmodzi kapena awiriawiri, njinga zitasenza nkhuni zosanjikiza kupitirira mutu wa mwini wake. Kumbuyo kwa chishalo amamangirira mitengo iwiri choimika, ngati makwerero, n'kusanja nkhunizo pakati pake mwaluso loti mmisiri wa nyumba angasirire. Ena adali ndi matumba a makala atatu, ena anayi, osokerera ndi udzu kukamwa. Pamalo otsetsereka kwambiri sakwera. Amayenda pambali, thupi lonse litatsamira kumbuyo, dzanja lina pa handulo, lina pa katundu, njinga ikuwakoka. Ena amaponda tayala lakumbuyo ndi nkhwaira ya tayala la galimoto m'malo mwa buleki. Tidawerenga njinga 23 tisadafike pamwamba, kenaka tidaleka kuwerenga.

Mmodzi adaima pafupi nafe kuti amangitse legeni imene idamasuka, ndipo anyamata athu adamugwirira njinga. Adali bambo wa msinkhu wathu womwewu. Adati adadzuka usiku, nyenyezi zikadali ngwee, kuti adutse malo ena kusadache, ndipo akagulitsa pa boma abwerera madzulo akukankhanso njinga pa chikweza chomwechi, atamanga ufa ndi kansomba pa keliyala. Tidamufunsa kuti nkhuni amazipeza kuti. Adaloza ndi chibwano cha kumpoto n'kunena kuti, "Kale zidali apa pomwe. Tsopano n'kuseri uko, kuseri kwa kuseri." Adaseka, n'kutsika.

Lamulo la zankhalango la mu 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo chilango cha wowotcha kapena wonyamula makala popanda chilolezo n'chachikulu. Bamboyo amalidziwa lamulolo kuposa ife. Koma sitidaone mwa iye chigawenga. Tidaona munthu amene akutibweretsera chimene ife tomwe tidamutuma, pakuti mbaula imene ikudikira makala akewo ili pakhonde pathu.

Pamwamba tidafika cha m'ma 9 koloko. Kucheuka m'mbuyo, dziko lathu lonse lidali pansi pa mapazi athu: nyanja ikuthera kumwera ngati mlomo wa botolo, Shire akutuluka pamenepo mopindikapindika, ndipo patsogolo pake nyanja ya Malombe ikuwala mwa chizimezime m'kati mwa utsi wa chilimwe. Ukaima pamenepo sufunanso wokuuza kuti dontho lililonse logwa pa mapiri a mbali ino limathera kwa ife. Likapeza mitengo limatsika pang'onopang'ono, loyera. Likapeza zitsa limatsika tsiku lomwelo, litanyamula dothi, n'kukalitula m'madzi osaya m'mene chambo chimakumba zisa zake. Tisanamizane: chimene chidatha chambo cha ku Malombe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 kwenikweni ndi makoka a maso ang'onoang'ono, osati nkhwangwa. Koma matope amamalizitsa zimene khoka lidayamba.

Pompo amayi awiri ankagulitsa masuku oyambirira m'timabeseni. Tidadya mpaka milomo kuuma. Mnyamata wina, amene fikihi amaikhoza ikamukomera, adafunsa ngati ulendowu ukutiloleza kufupikitsa swala. Tidamukumbutsa kuti kuchokera pa boma kufika pa Namwera ndi makilomita ngati 40, pamene chilolezocho chimafuna opitirira 80, ndipo mtunda sauyeza ndi kuwawa kwa miyendo.

NYUMBA ZA MOTO

Kupitirira Chowe dziko limasintha msanga. Milambe imatha. Mphepo imapepuka. Dothi limafiira, ndipo m'malo mwa mchenga mumayamba mapiri a miyala ikuluikulu yosalala, ndi minda yotambalala pakati pake. Mitengo ya mombo imene idatsala idali itaphuka masamba atsopano ofiirira, monga imachitira mvula isadagwe. Apa ndi pamene njinga imabweza ngongole ya chikweza chija: umapalasa pang'ono, n'kutsetsereka pang'ono, mphepo ikukuumitsa malaya.

Dera ili ndi la maesiteti. Kuyambira nthawi ya atsamunda alimi achizungu, ena mwa iwo Agiriki, adatsegula minda ya fodya kuno, chifukwa cha dothi ndi kuzizirako. M'zaka za m'ma 1970, pansi pa ulamuliro wa Dr. Banda, maesiteti a fodya adachuluka m'dziko lonse, ambiri ali m'manja mwa Amalawi a maudindo. Lamulo la Special Crops Act lidaika fodya wa bale ndi wowotcha m'manja mwa maesiteti okha, kotero kuti mlimi wamba ankaulima fodyayu ngati tenanti kapena waganyu, osati ngati mwini. Alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima bale mu 1990. Utenanti udathetsedwa ndi lamulo mu 2021. Maesiteti ena akugwirabe ntchito, ena adatembenukira ku chimanga, khofi ndi makadamiya, ndipo ena adangogona.

Tidapatuka pa kamsewu kafumbi kolowera ku imodzi mwa esiteti zogonazo. Choyamba kuoneka ndi mzere wa nyumba zazitali za njerwa, zopanda mazenera, zoima moyandikana ngati anthu odikira malipiro. Zina malata adachoka, ina khoma lidang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo mu ina mudamera mkuyu. Anyamata adayesa nkhokwe. Mbuzi zidagona pamthunzi wake.

Patsogolo pang'ono tidapeza mkulu wina wa imvi akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Tidatsika pa njinga patali, monga mwa ulemu, ndipo mnzathu wolankhula bwino Chiyao adapereka moni: "Ajimwiche uli, ambuje?" Atamva kuti tachokera kunyanja pa njinga adatiyang'ana mmodzimmodzi, kenaka adayang'ana njingazo, n'kuitanitsa mkeka ndi madzi. Tidapereka usipa. Kudapezeka kuti mkuluyu adagwira ntchito yosonkha moto pa nyumba zomwezo kuyambira ali mnyamata mpaka pamene esitetiyo idasiya fodya, ndipo adadzuka yekha kuti akationetse.

Zimene adatifotokozera n'zoyenera kulembedwa, chifukwa ana ambiri a kunyanja fodya amangomuona ali m'mabelo pa lole. Fodya wa bale amauma yekha ndi mphepo m'zigafa. Koma fodya wowotcha, amene azungu amati flue-cured, amafuna moto. Masamba amawamanga pa timitengo n'kuwapachika m'nyumbamo mosanjikiza, kuyambira kudenga kutsika pansi. Ng'anjo ili kunja, kumunsi kwa khoma. Kuchokera m'ng'anjomo mapaipi akuluakulu achitsulo amazungulira pansi m'kati mwa nyumba n'kukatulukira ku chumuni, kotero kuti tsamba limalandira kutentha kokha, utsi osalikhudza. Masiku awiri oyamba moto umakhala wofatsa kuti tsamba lisanduke lachikasu. Kenaka amauonjezera kuti tsamba liume, ndipo pomaliza amaukoleza kwambiri kuti uume mtsempha wa pakati, umene umasunga madzi. Ntchito yonse imatenga pafupifupi sabata, usana ndi usiku, moto osazima.

Mkuluyo adagwada pa khomo la ng'anjo n'kulowetsamo mkono mpaka paphewa, ngati akufunafuna kanthu kamene adasiya dzulo. Adati wosonkha moto sagona. Ukasinza moto n'kutsika, fodya amada, ndipo kapitawo amadula malipiro. Ukauonjeza mopitirira, tsamba louma likagwera pa paipi yofiira, nyumba yonse imayaka nthawi imodzi. Adationetsa chipsera pa mkono. Za malipiro adangopukusa mutu, koma za luso lake adalankhula monyada: adati iye ankadziwa kutentha kwa m'nyumba ndi tsaya lake, asadayang'ane n'komwe kachipangizo koyezera kamene kankapachikidwa m'katimo.

Tidamufunsa za nkhuni. Adaimirira n'kutambasula dzanja kuzungulira mapiri onse oonekera pamenepo, amene lero ndi minda ya chimanga ndi nandolo mpaka pamwamba. Adati fodya amathyoledwa m'dzinja, choncho nkhuni zinkadulidwa m'chilimwe, mathirakitala akututa tsiku lonse, n'kuunjika milu yaitali ngati nyumba zomwezo. Zipika za mombo ndi msuku ndizo zinkakondedwa chifukwa zimakhalitsa pa moto. Pa pangano la lizi, esiteti iliyonse inkayenera kusunga gawo limodzi mwa magawo khumi a malo ake kuti likhale la mitengo. Ena adabzaladi bulugama, ndipo mizere yake ikuonekabe. Ena adapeza kuti tchire la mfumu lili pafupi ndipo n'laulere.

Ife sitinena kuti fodya yekha ndiye adameta mapiriwa. Anthu achuluka, ndipo aliyense afuna munda. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, madera a m'malire ngati ano adalandiranso anthu othawa kwawo, amene naonso ankafuna mitengo yomangira ndi yophikira. Koma ukaima pakati pa nyumba za moto khumi ndi ziwiri, n'kuwerenga kuti iliyonse inkadya nkhuni sabata ndi sabata kwa miyezi itatu kapena inayi pa chaka, kwa zaka makumi angapo, umayamba kumvetsa chifukwa chake bambo uja wa pa Chowe akupita kuseri kwa kuseri.

Dzuwa la masana tidalipulumukira pansi pa mango womwewo. Tidaphika nsima, tidaswali, ena adagona. Cha m'ma 3 koloko tidatsazika. Mkuluyo adatipatsa chinangwa chodzaza kathumba, ndipo kukana kukadakhala mwano.

USIKU

Pa Namwera sitidakhalitse. Tidagula tomato, anyezi ndi mandasi pamsika, tidamata chubu chimodzi chimene chidalasidwa ndi minga, tidadzaza zigubu pa mjigo, n'kubwerera m'mbuyo kulowera cha ku Majuni, kufupi ndi kumene njira ya ku linga lakale imayambira.

Kumudzi munthu sangoyala mkeka. Tidafunsa nyumba ya a mfumu, tidakhala pansi, tidafotokoza kumene tachokera, ana awa ndi a yani, ndi chimene tikufuna. Adatifunsa mafunso ambiri, ndipo n'zoyenera, pakuti anthu asanu ndi atatu achilendo ofika madzulo pafupi ndi malire a dziko si chinthu chongochilandira. Atakhutira adaitana mwalimu wa pamudzipo, amene adatipatsa khonde la madrasa yake ndi chipinda chosungiramo njinga. Tisadayatse n'komwe moto wathu, kudabwera mbale ziwiri za nsima ndi ndiwo za nandolo kuchokera ku nyumba zimene eni ake sitidawaone nkhope.

Chimene chidadabwitsa anyamata ndi kuzizira. Pa boma mwezi umenewu anthu amagona panja, chitseko chili pululu, thukuta lili kamukamu. Kuno itangokwana 9 koloko aliyense adafunyulula bulangete lija ankadandaula nalo pa chikweza. Udzudzu udali wochepa. Kumwamba nyenyezi zidali zambiri, koma m'munsi mwake mudali kuwala kwina: mizere yofiira ya moto wolusa ikukwawa m'mapiri, wina wa osaka mbewa, wina wa okonza minda. Patali, pamalo awiri, padali utsi woyera wokwera mowongoka wopanda lawi. Mwalimu wa pamudzipo adati amenewo ndi mauvuni a makala, ndipo adasintha nkhani.

Asadagone, mmodzi wa aphunzitsi anzathu adawakambira anyamata za Achisi, amisiri a chitsulo a pakati pa Ayao, amene Yohanna Abdallah adalemba mbiri yawo m'buku lake la mu 1919, Chiikala cha Wayao. Kwawo kwenikweni kudali kutsidya kwa malire, ku Mozambique ya lero. Iwowa ankasungunula chitsulo ndi makala, n'kumayenda mitunda italiitali kugulitsa makasu, ndipo maulendo amenewo ndiwo adatsegula njira za malonda zopita kugombe la Kilwa. Mnyamata wina adayankha ali m'bulangete kuti ndiye kuti makala sadayambe lero. Palibe adamutsutsa.

LINGA LA PAPHIRI

M'mawa tidasiya njinga pamudzi n'kuyamba wapansi, ndi munthu wodziwa njira amene a mfumu adatipatsa. Apa tichenjeze amene angafune kutsatira mapazi athu. Linga lili m'kati mwa nkhalango yotetezedwa ya Mangochi, imene idakhazikitsidwa mu 1924, ndipo mu 2018 idaperekedwa m'manja mwa bungwe la African Parks, limene linkayang'anira kale malo osungira nyama a Liwonde. M'nkhalangomu mumadutsa njovu. Muyambe mwapempha chilolezo kwa oyang'anira, monga tidachitira ife sabata imodzi ulendo usadafike, ndipo musalowemo nokha.

Kusiyana kwake kumaoneka pa malire penipeni. Mbali ino zitsa ndi fumbi, mbali iyo mthunzi. Titangolowa, mpweya udasintha fungo. Tidadutsa kamtsinje kamene kadali kakuyendabe madzi mu Okutobala, pamene timitsinje tonse ta m'minda tidatipeza tili mchenga wokhawokha. Anyamata adasamba kumaso, ndipo sipadafunikenso phunziro lina pa nkhani ya mitengo ndi madzi.

Tidakwera pafupifupi maola awiri. Phiri la Mangochi, limene boma lathu lidatengako dzina, limapitirira mamita 1,700, koma linga lili pa chidikha cham'munsi mwa nsonga yake. Pamalo amenewa padali mudzi waukulu wa Mfumu Jalasi, imene azungu ankailemba kuti Zarafi. Kuchokera pano Jalasi ankayang'anira njira za malonda zochokera kunyanja kupita kugombe, malonda a minyanga, nsalu, mfuti ndi wonga, komanso, tisabise, a anthu. Atsamunda atamanga Fort Johnston mu 1891 moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, adafuna kumugonjetsa. Mu Febuluwale 1892 gulu lawo lidakwera kuno ndipo lidabwezedwa moipa, mpaka kusiya mzinga wawo m'manja mwa Jalasi. Adabweranso mu 1895 ndi asilikali ambiri, otsogozedwa ndi Major Edwards, ndipo ulendo uno mudziwo udagwa, Jalasi n'kuthawira ku Mozambique. Ufumu wake sudathe: mpaka lero kuli Mfumu Yaikulu Jalasi m'dera la Namwera.

Linga limene likuoneka leroli adalimanga atsamundawo cha mu 1897 pa bwinja la mudziwo. Kuyambira 1907 mpaka 1910 lidali ndende, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse lidali malo ophunzitsirapo asilikali a King's African Rifles. Mpanda wake wa miyala ukadaimabe, wochindikala moti mnyamata amayenda pamwamba pake osaopa. M'kati muli makoma a nyumba zopanda madenga, mitengo itamera m'zipinda, mizu itakumbatira njerwa. Padali zii, kupatula anyani amene ankatiyang'ana ali pakhoma ngati alonda.

Tidakhala pampandapo nthawi yaitali. Anyamata ankatsutsana za Jalasi, wina akuti adali ngwazi chifukwa adathamangitsa mzungu ndi kumulanda mzinga, wina akuti ngwazi yotani yogulitsa anthu. Tidawasiya atsutsane, chifukwa onse awiri ankanena zoona. Ife maso athu adali pa miyalayo. Palibe lole idafikapo pano. Mwala uliwonse udasenzedwa pamutu, ndi anthu amene maina awo sadalembedwe paliponse, monganso sadalembedwe a odula nkhuni za sitima, kapena la mkulu uja wa chipsera pa mkono. Ndipo chodabwitsa n'chakuti pa malo onse amene tidaona pa ulendowu, pano pokha, pamene padali nkhondo ndi ndende, ndi pamene mitengo idabwerera.

KUTSIKA

Tidafika pamudzi dzuwa lili paliwombo. Tidadya chinangwa chija, tidathokoza a mfumu ndi mwalimu, usipa wotsala tidausiya, ndipo tidadikira kuti dzuwa lipendeke tisadanyamuke.

Pamwamba pa Chowe tidaima n'kuyesa mabuleki a njinga iliyonse. Lamulo lidali lakuti mphunzitsi mmodzi atsogole ndipo wina aliyense asamupitirire, wina akhale pakati, wina pambuyo. Potsika musagwire buleki kosalekeza, chifukwa limu imatentha, labala n'kufewa, ngakhale chubu kuphulika kumene. Gwirani, tayani, gwiraninso, ndipo yambani ndi yakumbuyo. Pa makhota awiri akuthwa kwambiri tonse tidatsika n'kuyenda pansi, ngakhale anyamata ankang'ung'udza. Tidaimanso kawiri kuti malimu azizire, ndipo mmodzi amene adakhudza yake ndi chala sadafunsenso chifukwa chake. Chikweza chimene chidatidyera maola atatu ndi theka dzulo lake tidachitsika m'mphindi 40.

Kutentha kwa kunyanja kudatichingamira tisadafike n'komwe m'chigwa, ngati munthu watsegula chitseko cha uvuni. Pa khota lomaliza tidakumana ndi anthu a nkhuni aja akubwerera, akukankha njinga zopepuka, mitengo iwiri ija ili njo kumbuyo kwa chishalo popanda kanthu pakati pake. Pa handulo ya wina padalendewera kamulu ka utaka, pa ya wina botolo la mafuta ophikira ndi kope la mwana wasukulu. Tidawapatsa moni, adayankha osaima, poti pa chikweza munthu akaima njinga imabwerera m'mbuyo. Tidaoloka mlatho adhana ya Magharibi ikumveka kuchokera ku mzikiti waukulu wa pa boma.